Mwachotsedwa chotupa mu ubongo: kubwezeretsa mphamvu pang'onopang'ono muno mu Blantyre

Opaleshoni ya mu ubongo ikayenda bwino pakhomo pamakhala chimwemwe, ndipo ambiri amaona ngati nkhani yathera pomwepo. Chotupa chachotsedwa, bala alisoka, tsono wodwala akagone kunyumba mpaka mphamvu zibwerere. Koma mphamvu sizibwerera munthu ali chigonere. Mwendo umene ukukoka pansi, dzanja limene likugwetsa kapu, mawu amene akuthawa pakamwa, zonsezi zimafuna kuphunzitsidwanso, ndipo ntchito yaikulu ya kuphunzitsako imachitikira pakhomo panu, ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chilobwe komweko, osati m'wodi.

Ndikulembera inu achimwene ndi achemwali amene matendawa akupezani muli pasukulu, mutangoyamba ntchito kapena mutangolowa m'banja, komanso amayi, azakhali ndi onse amene akukusamalirani. Pali zinthu ziwiri zimene zimabweza achinyamata m'mbuyo. China ndi chikondi cha abale, chimene chimafika pokuletsani ngakhale kudzithirira nokha madzi akumwa. China ndi phuma lanu lomwe, kufuna kuti anzanu aone kuti mwachira, mpaka kubwerera ku mpira fupa la mutu lisanagwirane. Zonse n'zoopsa, koma choyambacho sitichikamba kawirikawiri, pakuti ndani angadzudzule mayi amene akusamala mwana wake?

Dziwani kaye chifukwa chake thupi lasintha mmene lasinthiramo. Mbali ya kumanzere ya ubongo imayendetsa dzanja ndi mwendo wa kumanja, ya kumanja imayendetsa za kumanzere. Mwa anthu ambiri kulankhula ndi kumva tanthauzo la mawu kumakhala kumanzere. Kachigawo ka kunkhongo, kotchedwa cerebellum, n'kamene kamachititsa kuti munthu asamadzandire poyenda. Cha pamphumi ndi pamene pamachokera kudzigwira ndi kukonza zochita. N'chifukwa chake anthu awiri amene anagona mabedi oyandikana pa chipatala cha Queen Elizabeth amatuluka ndi mavuto osiyana kotheratu, ndipo kudziyerekeza ndi mnzanu sikuthandiza. Cholimbitsa mtima n'chakuti ubongo umatha kulambula njira zatsopano kulambalala pamene pavulala. Zili ngati kanjira kachidule kodutsa pa udzu: kamaoneka chifukwa anthu apondapo kambirimbiri, ndipo kakasiyidwa udzu umameranso. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi yoyambirira, koma ena amapitirizabe kuwongokera ngakhale chaka chitadutsa.

Musanatuluke m'wodi

Tsiku lotuluka kumakhala piringupiringu, wina akumanga zofunda, wina akusaka galimoto. Ngakhale zili choncho, musachoke musanafunse adokotala, ndipo mayankho alembedwe m'buku lanu la kuchipatala. Chotupacho dzina lake n'chiyani? Zotupa za mu ubongo zilipo mitundu yoposa 100, ndipo si zonse zili khansa. Meningioma nthawi zambiri imakula mochedwa ndipo ikachotsedwa yonse ambiri amakhala bwinobwino zaka zambiri. Glioma ili ndi magiredi, ina yofatsa, ina yaukali. Chotupa cha pa pituitary, kachiwalo ka pansi pa ubongo kolamulira mahomoni, chimasokoneza mahomoni, msambo ndi maso. Ngati zotsatira za ku labu sizinatuluke, funsani tsiku lodzazimva. Funsaninso ngati chachotsedwa chonse kapena chatsalako, ngati fupa la mutu alibwezeretsa, ngati akuikani shunt, kapaipi kotsitsa madzi kuchokera m'mutu kupita m'mimba, komanso tsiku lochotsa ulusi ndi la sikani yotsatira.

Ena adzauzidwa kuti akufunika radiotherapy, chithandizo chowotcha chotupa ndi cheza chochokera m'makina. Kwa zaka zambiri Amalawi ankatumizidwa kunja, makamaka ku India, kukalandira chithandizochi. Mu 2024 ku Nyambadwe kunatsegulidwa International Blantyre Cancer Centre, chipatala cholipira chimene chili ndi makina ake, ndipo ku Lilongwe kuli National Cancer Centre pa chipatala cha Kamuzu Central. Adokotala anu akuuzeni kumene kukukuyenerani ndi mmene akutumizireni.

Pemphaninso kalata yopita nayo ku mafizo, musadikire kuti wina aikumbukire. Mukafika kunyumba jambulani pa foni masamba onse a bukulo, ndipo zithunzi za sikani muzisunge pouma, chifukwa zidzafunika poyerekeza ndi zatsopano.

Mankhwala amene mwatuluka nawo

Ambiri amatuluka ndi dexamethasone, mankhwala ochepetsa kutupa kwa ubongo. Amathandiza kwambiri, koma ali ndi zake. Amatupitsa nkhope, amabweretsa njala yosatha, amasowetsa tulo, amakweza shuga, ndipo akamwedwa nthawi yaitali amafooketsa minofu ya m'ntchafu ndi m'chiuno. Mukaona kuti kudzuka pampando kapena kukwera masitepe kwayamba kuvuta, kauzeni adokotala, mwina ndi mankhwalawa. Koma musawasiye nokha mwadzidzidzi, ngakhale nkhope itakuipirani chotani pagalasi. Amachepetsedwa pang'onopang'ono, chifukwa thupi limakhala litasiya kupanga mahomoni ake ofanana nawo, ndipo kuwadula kamodzin'kamodzi kungakudwalitseni mwakayakaya. Imwani mutadya, ndipo funsani ngati mungamamwe m'mawa ndi masana m'malo mwa usiku kuti muzipeza tulo.

Ena ndi oletsa kugwa khunyu: phenytoin, carbamazepine, phenobarbitone, sodium valproate kapena levetiracetam. Awa n'ngofunika nthawi yomweyo tsiku lililonse, osadumphitsa. Tcherani alamu pa foni. Kukatenga ena pitani kutatsala sabata kuti athe, kuti ngati mwapeza kulibe mukhale ndi masiku osaka ku famase. Achemwali, apa tcherani khutu. Phenytoin, carbamazepine ndi phenobarbitone amachepetsa mphamvu ya mapiritsi olera ndi ya kolera ka pamkono, kaya Jadelle kaya Implanon, moti mutha kutenga pathupi mukulera. Jakisoni wa Depo ndi lupu sizisokonezeka chotero. Sodium valproate imatha kuvulaza mwana ali m'mimba, choncho ngati mukulakalaka mwana kambiranani ndi adokotala musanatenge pathupi. Amene mumamwa ma ARV nenani ku makiliniki onse awiri, pakuti mankhwala atatu aja amafooketsanso dolutegravir, amene ali m'ma ARV a anthu ambiri masiku ano. Zidzolo kapena matuza pakhungu, m'kamwa kapena m'maso mutangoyamba carbamazepine kapena phenytoin si zodikira kuti kuche, thamangirani kuchipatala.

Za zitsamba ndinene mosapsatira. Abale adzabwera ndi mabotolo, ena a kwa sing'anga, ena ogula modula olonjeza kusungunula chotupa. Zimene zili m'katimo zingathe kulimbana ndi mankhwala anu. Mapemphero alandireni ndi manja awiri, koma aliyense wokuuzani kuti mutaye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro akuika moyo wanu pachiswe. Mowa ndi chamba zimaputa kugwa, zisiyeni.

Konzani pakhomo

Abale azungulire nyumba yonse akuyang'ana chimene chingakupunthwitseni: mphasa yopindika m'mphepete, chingwe cha magetsi, ndowa yosiyidwa pakhomo. Patapata musiyeni kaye, valani nsapato zogwira chidendene. M'bafa ikani mpando muzisamba chokhala, chitseko osakhoma, wina ali pafupi woti amve mukaitana. Ngati chimbudzi n'chonyonyomala, kalipentala akupangireni mpando woboola pakati kapena akhomere chogwirira kukhoma. Tochi izigona pafupi ndi pilo kuti magetsi akazima musayende mopapasa. Gonani m'neti, chifukwa malungo ndi kutentha thupi zimaputa khunyu.

Ngati munagwapo, pa mbaula musakhale nokha. Akuluakulu ambiri m'dziko muno amapsa moopsa atagwera pamoto chifukwa cha khunyu. Kusadzula nkhwani ndi kudula tomato mutha kuchita, koma kuphula poto wa madzi owira siyirani ena.

Aliyense wa pakhomo, ngakhale ana, adziwe chochita mukagwa. Achotse zinthu zoti zingakuvulazeni, aike chitenje chopinda kunsi kwa mutu, ayang'ane nthawi, ndipo kugwedezeka kukatha akugonekeni cham'mbali. Asakupanikizeni manja ndi miyendo, asaike supuni kapena chala m'kamwa, asakumwetseni kanthu. Munthu sameza lilime lake. Khunyu sapatsirana, kaya m'malovu kaya mu mpweya woipa monga ena amanenera, choncho palibe chifukwa chothawira. Kugwedezeka kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwereza musanatsitsimuke, ulendo wa ku Queens, ku AETC kumene amalandirira akuluakulu odwala mwadzidzidzi, nthawi yomweyo.

Masabata 6 oyamba

Bala likupola ndipo fupa likuyamba kugwirana. Ntchito yanu ndi yochepa koma ya tsiku lililonse: kudzuka, kusamba, kuvala zovala za masana, kudya limodzi ndi anzanu osati pabedi. Podzuka khalani kaye m'mphepete mwa bedi, mapazi ali pansi, mpaka chizungulire chithe. Yendani m'nyumba ndi pakhonde mphindi 5, katatu kapena kanayi pa tsiku, wina ali kumbali yanu yofookayo. Zikayenda bwino masiku angapo, onjezani mphindi 1 kapena 2.

Musanyamule zolemera, musawerame nthawi yaitali monga pochapa kapena pokolopa, ndipo pewani kudzimbidwa podya mapapaya, masamba ndi mgaiwa komanso kumwa madzi. Chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20. Kusenza chilichonse pamutu, ngakhale ndi nkhata, dikirani mpaka adokotala a opaleshoni atakulolani ndi pakamwa pawo.

Bwererani kuchipatala msanga ngati mutu ukupweteka moonjezereka makamaka m'mawa, mukusanza, mukugona tulo tosadzutsika, mukusokonezeka, mwafooka mwatsopano, mukuona zinthu ziwiriziwiri, thupi latentha ndipo khosi lauma, bala lafiira kapena likutuluka mafinya, kapena madzi oyera akudontha pabala kapena m'mphuno. Kwa amene muli ndi shunt, zizindikiro zomwezi zingatanthauze kuti yatsekeka. Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Katumba wa mwendo umodzi akatupa n'kumapweteka, kapena mukayamba kubanika mwadzidzidzi, mwina magazi aundana mumtsempha, vuto limene limakonda odwala zotupa za mu ubongo amene agona nthawi yaitali. Mwendowo musausisite, pitani kuchipatala.

Mafizo

Ku Queens kuli dipatimenti ya mafizo, ndipo mumzinda momwemuno muli Kachere Rehabilitation Centre, imene inakhazikitsidwa ndi bungwe la Malawi Against Physical Disabilities lomwe kale linkatchedwa Malawi Against Polio, kumene ofooka ziwalo amagonekedwa n'kumaphunzira kuyenda ndi kudzisamalira. A mafizo m'dziko muno ndi ochepa poyerekeza ndi odwala, choncho nthawi imene mwapatsidwa isapite pachabe. Pitani ndi munthu amene amakhala nanu tsiku lonse, osati wongokuperekezani tsiku limenelo. Pemphani akuonetseni zochita zitatu kapena zinayi zokha zokachita kunyumba, wina ajambule vidiyo pa foni. Nenaninso chimene mukufunitsitsa: kukwera minibasi nokha, kulemba mayeso, kubereka mwana kumbuyo. Akadziwa zimenezi amasankha zochita zolunjika kumeneko.

Zimene ndifotokoze apa zimathandiza ambiri, koma a mafizo azione kaye. Choyamba n'kudzuka ndi kukhala. Tengani mpando wolimba wa thabwa, utsamire khoma. Khalani cha kutsogolo kwake, mapazi onse pansi, zidendene zili kumbuyo pang'ono kwa mawondo. Weramirani kutsogolo mpaka mphuno ifike pamwamba pa zala za kumapazi, kenako imirirani. Pokhala musadzigwetse, tsikani mukuwerenga mpaka 3. Mwendo wabwino udzafuna kugwira ntchito yonse wokha; usunthireni kutsogolo pang'ono kuti wofookawo usenze thupi. Yambani ndi maulendo 5, mudzafike 10, kawiri kapena katatu pa tsiku.

Pa kudzandira, imani pakona ya chipinda, msana kukona, mpando kutsogolo. Gundanitsani mapazi masekondi 30. Zikaphweka ikani phazi lina patsogolo pa linzake, kenako imani ndi mwendo umodzi. Mukapepesuka makoma akugwirani.

Dzanja limachedwa kuposa mwendo, ndipo limafuna kubwereza kochuluka zedi. Thirani nyemba m'mbale, muzitola imodziimodzi ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala n'kuponya m'botolo. Zikazolowereka tolani mpunga. Panani mapegi pachingwe, finyani kansalu konyowa, tembenuzani makobidi patebulo, sewerani bawo. Ngati lofooka ndi lamanja, temani nalo nsima ndi kuumba mbamu, ngakhale nsimayo izizire. Amayi, apa ndi pamene pamafunika kulimba mtima. Kuona mwana wanu wamkulu akulimbana ndi batani la malaya, chala chikuterereka, batani likulowa theka n'kutulukanso, kumapweteka, ndipo manja amayabwa kufuna kumumangira. Pindani manja mudikire. Mukamumangira, ubongo wake waphonya phunziro la tsikulo. Thandizani pokhapokha wapempha kapena pali ngozi. Pomudzutsa musakoke dzanja lofookalo, phewa limavulala msanga ndipo likayamba kupweteka mafizo onse amaima.

Ngati mawu akuvuta, lankhulani naye ngati munthu wamkulu, chiganizo chimodzi n'kudikira, wailesi itazimitsidwa, ndipo musamumalizire mawu. Nyimbo za kutchalitchi zimene analoweza kale nthawi zambiri zimatuluka ngakhale kulankhula kukukanika, muziimba naye. Kutsamwa kapena kukhosomola pomeza kukanenedwe kuchipatala msanga. Maso akayezedwe ku Lions Sight First Eye Hospital, pa Queens pomwepo, chifukwa ena amasiya kuona mbali imodzi osazindikira, n'kumangodziomba pa mafelemu a zitseko.

Kutopa

Kutopa kwa matenda awa n'kosiyana ndi kumene munkakudziwa. Kumabwera ngakhale mwagona usiku wonse, ndipo kucheza ndi alendo ola limodzi kungakutheni mphamvu kuposa kuyenda. Amene alandira radiotherapy kumatha kuwakulira masabata angapo chithandizo chitatha. Si ulesi, ndipo a pakhomo ayenera kumvetsa zimenezi.

Gulani kope. Madzulo alionse lembani zimene mwachita ndi mmene mphamvu zinalili, kuyambira 0 mpaka 10. Pakatha masabata awiri mudzaona nokha maola amene mumakhala bwino, ndipo ntchito zovuta muziike m'maola amenewo. Pumani mphamvu zisanatheretu. Msampha waukulu ndi tsiku limene mwadzuka bwino: mwachapa, mwapita kumsika ku Limbe, mwaonera mpira, kenako masiku atatu chigonere. Tulo ta masana tisapitirire mphindi 30 kuti usiku mugone. Odzazonda matenda apatsidwe nthawi, ndipo pakhale mmodzi wolimba mtima wowauza kuti odwala akapume. Kutopa kukapitirira pemphani kuyezetsa magazi, shuga ndi mahomoni, makamaka ngati chotupa chinali pafupi ndi pituitary, pakuti zina mwa izi zili ndi mankhwala ake. Kuyenda komweko, kochepa koma kosadumphitsa, n'kumene kumachepetsa kutopaku.

Pa chakudya sipafunika zodula. Minofu imamangidwa ndi nyemba, nandolo, mazira, usipa, bonya, soya ndi nsinjiro. Muli pa dexamethasone chepetsani zakumwa zotsekemera, mandasi ndi mchere.

Kutuluka panja

Blantyre si wophweka kwa munthu wodzandira. Ndi wa zitunda, njira za m'makwalala ndi za miyala, ngalande zambiri n'zosavundikira, ndipo a kabaza amatulukira paliponse. Choncho ulendo woyamba ukhale pa malo athyathyathya: bwalo la sukulu ana ataweruka, la tchalitchi pakati pa sabata, kapena ku Njamba masana muli ndi mnzanu. Zungulirani bwalo m'malo mopita kutali, kuti mphamvu zikatha pokhala pakhale pafupi.

Liwiro muliyeze ndi pakamwa. Ngati mukutha kucheza koma simungaimbe, zili bwino; ngati mawu akudukaduka, chepetsani. Bungwe la World Health Organization limalimbikitsa akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Kumeneko n'kofikira, si koyambira. Yambani ndi mphindi 10 masiku asanu pa sabata n'kumaonjeza pang'ono. Poonjezapo sankhani chimodzi, kutalika kwa ulendo, liwiro kapena chitunda, osati zonse pamodzi. Mu Okutobala ndi Novembala yendani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, chipewa kumutu, botolo la madzi m'manja. Nthawi ya mvula ndi ya chiperoni dothi limaterera. M'thumba muzikhala kapepala kolemba dzina, matenda, mankhwala ndi nambala ya m'bale. Ndodo musachite nayo manyazi, ndipo imagwiridwa ndi dzanja la mbali yamphamvu.

Kuwoloka msewu wa Masauko Chipembere ndi kukwera minibasi n'zofunika kuziphunziranso pazokha. Yesererani ndi mnzanu nthawi imene anthu achepa, cha m'ma 10 koloko m'mawa, pemphani mpando wa kutsogolo, ndipo muuzeni kondakitala kuti mumatsika pang'onopang'ono. Kabaza wa njinga yamoto ine ndikanakonda mutamupewa ndithu, pakuti mutu umene wangosokedwa sufuna kugwanso. Kuyendetsa nokha galimoto kapena njinga yamoto, makamaka ngati munagwapo khunyu kapena maso ali ndi vuto, dikirani chilolezo cha adokotala.

Miyezi ikapita mutha kuyamba kuyesa mapiri atizungulirawa. Njira ya Mtanda yokwera Michiru kuchokera ku Chilomoni ili ndi malo oimapo otsatizana, moti mutha kunena kuti lero ndifika pachitatu n'kubwerera, mwezi wamawa pachisanu. Kwa wa mwendo wofooka kutsika kumavuta kuposa kukwera, choncho sungani mphamvu zobwererera, ndipo musapite nokha. Kuvina, kuthamanga pang'ono ndi kunyamula zitsulo zopepuka n'zotheka kwa ambiri akalolezedwa, koma ponyamula musamagwire mpweya. Nkhonya ndi masewera ogundana mitu ayi. Ndikudziwa kuti ambiri mtima uli pa mpira. Yambani ndi kupatsirana ndi mnzanu mmodzi, osamenya ndi mutu, ndipo za kulowanso m'timu akagamule adokotala amene anakuchitani opaleshoni. Kusambira, kaya padziwe kaya ku Mangochi, pokhapokha pali wodziwa kusambira amene akudziwanso za matenda anu ndipo sakukuchotsani maso.

Sukulu ndi ntchito

Vuto limene limapweteka achinyamata kwambiri ndi losaoneka. Tsitsi lamera, chipsera chabisika, mukuyenda bwino, koma mukuiwala zimene abwana angonena kumene, phokoso likukusokonezani, tsamba limodzi mukuliwerenga katatu. Musalimbane n'kusunga zonse m'mutu. Lembani malo amodzi, makiyi ndi foni zikhale ndi pokhala pake, malizani chinthu chimodzi musanayambe china, werengani mphindi 20 n'kupuma.

Pobwerera yambani ndi theka la tsiku, masiku awiri kapena atatu pa sabata. Pitani kwa abwana kapena kwa akuluakulu a sukulu ndi kalata ya adokotala yonena zimene mukufunika, monga nthawi yoonjezera pa mayeso, malo opanda phokoso, kapena kusagwira ntchito usiku, pamakwerero ndi pa makina. Lamulo la anthu aulumali la 2024, limene linasintha MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, kukhala MACODA, limaletsa kusala munthu pantchito ndi pamaphunziro chifukwa cha ulumali, ndipo bungwe la FEDOMA, lomwe ndi mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, lingakulozereni kopita mukaponderezedwa. A geni yambani n'kukhala pabenchi maola ochepa, kukaoda katundu muzituma ena.

Za mumtima, ndi tsiku la sikani

Anzanu akukwatira, akukwezedwa pantchito, akuika zithunzi pa Facebook, inu mukuphunziranso kuyenda. Kupsa mtima ndi kulira zidzabwera. Zina zimachokera ku chisoni, zina ku malo a ubongo amene anakhudzidwa, zina ku mankhwala, makamaka dexamethasone ndi levetiracetam. Abale amvetse kuti ukali umenewu nthawi zambiri si mwano. Koma ngati kwa masabata awiri palibe chimene chikukusangalatsani, kapena mwayamba kuganiza zodzipha, uzani munthu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo ndipo mupite ku Queens, kuli kiliniki ya matenda a maganizo. A Tiyanjane, pa chipatala chomwecho, amathandiza odwala matenda aakulu ndi mabanja awo pa ululu ndi nkhawa, ndipo kupita kumeneko sikutanthauza kuti akutayani.

Padzapezeka onena kuti munalodzedwa, kapena kuti wina m'banja anakukhwimirani. Chotupa chimayamba maselo akayamba kuchulukana mosalamulirika, chimagwira anthu m'maiko onse, ndipo sichipatsirana. Kusaka mfiti kumapasula banja pa nthawi imene wodwala akulifuna kwambiri.

Amene muli pabanja, kukhala malo amodzi kumatheka bala likapola ndipo mphamvu zikabwerera. Chilakolako chikatsika kapena msambo ukasokonekera, musachite manyazi kuuza adokotala, nthawi zina ndi nkhani ya mahomoni. Ngati mukuyembekezera chemotherapy, mankhwala opha maselo a khansa, kapena radiotherapy, funsani za kubereka chithandizo chisanayambe.

Sabata ya sikani tulo timasowa, ngakhale patapita zaka. Musaphonye tsikulo chifukwa cha mantha kapena chifukwa mukumva bwino, pakuti chotupa chikayambiranso chimatha kuoneka pa sikani chisanayambe kumveka m'thupi. Pitani ndi munthu wachiwiri woti amve nawo, buku la kuchipatala, zithunzi zakale, mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa ndi kope lanu la mphamvu. Mafunso muwalemberetu usiku wake, atatu ofunika kwambiri pamwamba, chifukwa mzere umakhala wautali ndipo nthawi ya m'chipinda cha adokotala imatha msanga. Musanatuluke onetsetsani kuti tsiku lobweranso lalembedwa m'buku.